Nkhondo ya ku Ukraine inalowa bwanji m'chiwaya cha mandasi?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Ndirande amene amakazinga mandasi n'kumagulitsa m'mawa kwa anthu opita kuntchito. Akuti anachita kubwereka foni ya mwana wawo kuti andilembere. Kalatayo ndi yaitali, koma funso lake ndi ili: "Kuyambira 2022, tikapita kokaoda fulawa ndi mafuta, ogulitsa amangoti ndi nkhondo ya ku Ukraine. Kodi dziko limenelo ndi lalikulu bwanji kuti lizidyetsa anthu onse? Ife nsima yathu ndi ya chimanga cholima tokha. Kapena akungotinamiza kuti atidyere masuku pamutu?"

Zikomo mayi polemba. Ogulitsawo sanakunamizeni kotheratu ayi, koma anakuuzani nkhani yoduka mchira.

Tiyambe ndi dziko lenilenilo. Ukraine ndi yaikulu kuwirikiza kasanu kukula kwa Malawi, ndipo ku Ulaya imangoposedwa ndi Russia. Mbali yaikulu ndi chigwa chosalala chokhala ndi dothi lakuda bii, lachonde, limene limatchedwa chernozem. Ngakhale mbendera yawo, ya buluu pamwamba ndi chikasu pansi, anthu ambiri amati ndi thambo pamwamba pa munda wa tirigu wakucha. Mu 2021, nkhondo yaikuluyi isanayambe, anakolola tirigu matani pafupifupi 33 miliyoni ndi chimanga matani opitirira 40 miliyoni. Ife kuno, chaka chimene mvula yagwa bwino, chimanga chathu chimakhala cha m'ma 4 miliyoni. Anthu a ku Ukraine panthawiyo anali pafupifupi kuwirikiza kawiri chiwerengero chathu, koma chimanga chawo chinali kuwirikiza kakhumi. Mwaona kale kuti sakanachidya chonse okha.

Komabe mawu akuti Ukraine imadyetsa dziko lapansi ndi okokomeza. Tirigu amene amalimidwa padziko lonse amakhala pafupifupi matani 800 miliyoni pachaka, ndipo wa ku Ukraine sankafika ngakhale magawo 5 pa 100 alionse. China ndi India ndiwo akatakwe pa ulimi wa tirigu, aliyense amakolola matani opitirira 100 miliyoni. Koma tirigu wawoyo amathera m'mimba mwa anthu awo. Amene amatuluka m'dziko lina kupita m'dziko lina ndi wa m'ma 200 miliyoni basi, ndipo mtengo wa fulawa imene mumaoda inu umapangidwa pa kagawo kameneka.

Inu ndinu a bizinesi, izi mukuzidziwa bwino kuposa ine. Tangoganizani za tomato. Makomo ambiri ali ndi timitengo tingapo ta tomato kuseri kwa bafa, ndipo kumidzi madimba ali mbwee. Koma mtengo wa mulu mu msika wa Ndirande sutengera tomato wa kuseri kwa bafa. Umatengera malole angati afika m'bandakucha kuchokera ku Ntcheu. Mlatho ukaduka panjira, malole awiri osafika, mulu umene unali wa matomato asanu umasanduka wa atatu tsiku lomwelo, ngakhale m'dziko muno tomato sanathe. Ndipo mayi amene tomato wake wachokera ku Bvumbwe, kumene msewu uli bwinobwino, nayenso amakweza, chifukwa ogula onse akhamukira pa benchi pake.

Ukraine inali imodzi mwa malole akuluakuluwo. Pa matumba khumi alionse a tirigu ogulitsidwa pakati pa mayiko, pafupifupi limodzi linkachokera kumeneko. Mukaphatikiza ndi Russia, imene ndiyo imagulitsa tirigu wambiri kuposa dziko lina lililonse, zinkapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa mafuta a mpendadzuwa ndiye osanena: pafupifupi theka la mafuta onse a mpendadzuwa ogulitsidwa kunja ankachokera ku Ukraine yokha. Mayiko ena anachita kutsamira pa lole imeneyi ndi thupi lonse. Egypt, imene imagula tirigu wambiri zedi ndipo boma lake limathandizira kuti buledi akhale wotchipa, inkatenga wochuluka kwa awiriwa. Lebanon inali pamoto woposa, chifukwa nkhokwe zake zazikulu za padoko la Beirut zinaphwasuka pa kuphulika kwa mu Ogasiti 2020, moti inalibe posungira tirigu wa miyezi yambiri.

Pa 24 Febuluwale 2022 asilikali a Russia analowa m'dziko la Ukraine, ndipo madoko ake a pa nyanja ya Black Sea anatsekeka. Kunja kunali sitima zankhondo, m'madzi munali mabomba otchera, ndipo palibe kampani ya inshuwalansi imene ikanalola kuti sitima ya katundu ilowe padoko lalikulu la Odesa. Pafupifupi mbewu zonse za dzikolo zinkatulukira panyanja. Matani oposa 20 miliyoni anangokhala m'nkhokwe, kwinaku tirigu wina akucha m'minda wopanda pomuika. Wina angafunse kuti bwanji sanangonyamula pa sitima ya pamtunda. Anayesa. Koma njanji za ku Ukraine ndi zotakata, mamilimita 1,520, pamene za ku Poland ndi Romania ndi 1,435. Mabogi akafika pamalire ankayenera kutsitsa katundu yense n'kupakiranso m'mabogi ena, kapena kusintha mateyala. Sitima imodzi ya pamadzi imanyamula katundu wokwana malole oposa chikwi. M'mwezi wa Malichi chaka chimenecho, muyeso wa mitengo ya zakudya umene FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, limatulutsa mwezi ndi mwezi unafika pamene unali usanafikepo chiyambire.

Apa ndi pamene nkhondoyo inalowera m'chiwaya chanu. Malawi amalima tirigu wochepa kwambiri, m'madera okwera monga Tsangano ndi Neno, wosakwana kupangira buledi wa dziko lonse ngakhale kwa mwezi umodzi. Fulawa yathu ndi ya tirigu wakunja, wodzera m'madoko a ku Mozambique ndi Tanzania, wogula ndi madola. Kaya thumba lanu linachokera ku Russia, ku Australia kapena ku Argentina, mtengo wake unakwera limodzi ndi anzake, monga tomato wa ku Bvumbwe uja.

Za mafuta ndiye zimandisangalatsa kufotokoza, chifukwa mafuta a m'chigubu chanu mwina mulibe ngakhale dontho la mpendadzuwa wa ku Ukraine. Ambiri amene timaphikira kuno ndi a soya kapena a kanjedza. Koma mayiko monga India, amene ankagula mafuta a mpendadzuwa ambiri, atawasowa anathamangira ku a kanjedza ndi a soya, mitengo n'kukwerera limodzi. Indonesia, imene imagulitsa mafuta a kanjedza ochuluka kuposa aliyense, inaona anthu ake akudandaula ndipo kumapeto kwa Epulo 2022 inaletsa kutulutsa mafutawo kunja. Chiletsocho chinangokhala milungu itatu, koma chinali chitagwedeza kale msika. Mu Meyi, India nayo inaletsa kugulitsa tirigu kunja itavutika ndi kutentha koopsa. Zimenezi ife sitizidabwa, boma lathu nalonso limatseka malire a chimanga likangomva fungo la njala. Aliyense amayamba wakhoma chitseko cha nkhokwe yake, ndipo wopanda nkhokwe ndiye amagona ndi njala. Ndionjezere kuti mafuta ophikira anali atayamba kale kukwera mu 2021, mfuti isanalire, choncho nkhondo inangokolezera moto woyaka kale.

Pa 22 Julayi 2022, ku Istanbul, bungwe la United Nations ndi dziko la Turkey anakwanitsa kugwirizanitsa mbali ziwirizo kuti sitima za chakudya zizituluka m'madoko atatu, Odesa, Chornomorsk ndi Pivdennyi, zikamafika ku Turkey n'kumasechedwa kuti asanyamulemo zida. Sitima yoyamba, dzina lake Razoni, inanyamuka pa 1 Ogasiti ndi chimanga matani 26,000 kupita ku Lebanon, dziko lonse likuionera pa kanema ngati mkwatibwi. Koma wogula wa ku Lebanon anachikana chimangacho, akuti chachedwa ndi miyezi isanu, ndipo sitimayo inayamba kuzungulira kusaka msika wina. Nkhani imeneyi sindiiwala, chifukwa imaonetsa kuti mbewuzi si mphatso. Ndi malonda, ali ndi mwini wake ndi wogula wake, ngati mandasi anu.

M'chaka chimodzi cha mgwirizanowo munatuluka matani pafupifupi 33 miliyoni. Amene analandira zambiri anali China, kenako Spain ndi Turkey. Pafupifupi theka la katunduyo chinali chimanga, ndipo chimanga cha ku Ukraine ndi chachikasu chija, chimene kwawoko ndi ku Ulaya amadyetsera nkhumba, nkhuku ndi ng'ombe. WFP, bungwe la United Nations logawa chakudya kwa ovutika ndi njala, linagulako tirigu matani oposa 700,000 n'kutumiza ku Ethiopia, Yemen, Afghanistan, Somalia, Sudan ndi kwina, koma poyerekeza ndi mulu wonsewo kanali kagawo kakang'ono. Mtsogoleri wa Russia, Vladimir Putin, anatola mfundo imeneyi n'kumanena kuti mgwirizanowo ukungonenepetsa mayiko olemera. Manambala ake sanali abodza kwenikweni, koma ine ndimaona kuti mfundoyo ndi yopotoka. Spain ikapeza chakudya cha nkhumba zake ku Odesa, sipita kukalimbirana ndi osauka pa msika wina. Malole akafika onse, mulu wa tomato umatsika kwa aliyense, ngakhale kwa amene sanagule pa lole yochedwayo. Mitengo inatsikadi m'miyezi imeneyo.

Russia inatuluka mu mgwirizanowo pa 17 Julayi 2023, ndipo ambiri tinkati basi zavutanso. Sizinatero. Ukraine inatsegula njira yakeyake yotsatira gombe la Romania ndi Bulgaria, itathamangitsira kutali sitima zankhondo za Russia, ndipo katundu anayambanso kutuluka mochuluka. Chodabwitsa china n'chakuti alimi a ku Poland, Hungary ndi Slovakia anakwiya ndi mbewu za ku Ukraine zimene zinkadzera pamtunda, chifukwa zinagwetsa mitengo ya mbewu zawo, mpaka maboma awo analetsa mbewuzo mu Epulo 2023. Chaka chimodzi dziko likulira kuti tirigu wasowa, chaka chotsatira alimi akutseka misewu ndi mathirakitala kuti tirigu wachuluka.

Mwanena kuti nsima yathu ndi ya chimanga cholima tokha. Zoona, ndipo tikaperewedwa timathamangira ku Zambia, Tanzania kapena Mozambique, osati ku Odesa. Koma chimanga chathucho chimadya feteleza wakunja, ndipo kwa ine bala lalikulu la nkhondoyi kuno linali limeneli, osati buledi. Yureya amapangidwa kuchokera ku gasi, ndipo Russia ndi mwini gasi komanso wogulitsa wamkulu wa feteleza wa mtundu umenewu. Russia ndi Belarus pamodzi amagulitsanso gawo lalikulu la feteleza wa potashi. Gasi atakwera mtengo ku Ulaya, mafakitale ena a feteleza anachepetsa ntchito, mabanki ndi eni sitima ankaopa kukhudza katundu wa ku Russia, ndipo thumba linafika pa mtengo woti mlimi wamba ankangoliyang'ana m'sitolo n'kubwerera. Ndalama za boma za pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo zinagula matumba ochepa kusiyana ndi kale. Mlimi amene ankathira matumba awiri anathira limodzi, wa limodzi anagula wa pa ndowa, ndipo zotsatira zake tinaziona m'nkhokwe.

Mwina mukukumbuka feteleza wa matani 20,000 amene kampani ya ku Russia ya Uralchem inapereka kwa Malawi. Anali atakhala miyezi yambiri atatsekeredwa padoko ku Netherlands chifukwa cha zilango zimene mayiko a ku Ulaya anaika, ndipo WFP ndiyo inapeza sitima yomunyamula kudzera ku Mozambique. Mwambo womupereka unachitika mu Malichi 2023. Inu mukudziwa mmene chimanga chimaonekera mu Malichi: ngaiyaye zatuluka kale, ana akuotcha mondokwa. Patangopita masiku ochepa namondwe Freddy anafika, ndipo za ku Chilobwe ndi Soche simukufunika kuuzidwa ndi ine.

Tsono mchira wa nkhani uja, umene ogulitsa sakuuzani. Pamsika wa dziko lonse, mtengo wa tirigu unatsika ndithu, moti pofika mu 2023 unali utabwerera pamene unali nkhondo isanayambe. Ngati thumba la fulawa ku Limbe silinatsike, chifukwa chake sichilinso ku Black Sea. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Wogaya tirigu amafunika madola, m'mabanki madolawo ndi osowa, ndipo akawapeza kunja kwa banki amawagula modula. Ikanipo mtengo wa dizilo wa lole yochokera ku Beira kapena Nacala. Ikaniponso, tisabisane, amalonda ena amene akakweza mtengo sadziwanso njira yotsikira, ndipo dzina la Ukraine linawakomera pakamwa chifukwa palibe kasitomala amene angapite kukatsimikiza.

Choncho ulendo wina akakuuzani kuti ndi nkhondo, afunseni mwaulemu kuti dola aigula pa zingati sabata ino. Mwana wanu uja akhozanso kukuonerani pa intaneti muyeso wa FAO, umatuluka kumayambiriro kwa mwezi uliwonse ndipo umasiyanitsa mbewu, mafuta ophikira ndi shuga, zitatu zonse za mu beseni lanu.