Kodi tigule kiyibodi ina? Yankho kwa mayi wa kwaya ku Ndirande

Mayi wina amene amatsogolera kwaya ku Ndirande wandilembera imelo. Akuti akamayimba opanda chida, mawu amalukana bwino zedi, koma wa kiyibodi akangolowa, a alto amamveka ngati atsika pang'ono, makamaka pa "mi". Akufunsa ngati kiyibodiyo yafa.

Mayi, ndalamazo sungani. Kiyibodi yanu ili bwino, ndipo makutu a ana anu a alto ali bwino kuposa pamenepo.

Liwu lililonse ndi kunjenjemera kwa mpweya. Tiyerekeze kuti "do" wanu ali pa A, amene amanjenjemera ka 440 pa sekondi. Oyimba akamamverana okha, "so" amamuyika pa 660, ndiye kuti katatu pomwe "do" wanjenjemera kawiri. "Mi" amamuyika pa 550, kasanu pomwe "do" wanjenjemera kanayi. Manambala akagawanika bwino chonchi, mawuwo amakhazikika phee, ngati madzi a m'mtsuko. Kiyibodi imamuyika "so" pa 659, ndipo palibe amene angadandaule. Koma "mi" imamukweza mpaka 554. Kusiyana kwa 550 ndi 554 kumeneko ndi kumene kukukuvutitsani.

Opanga zida sanachite izi mwangozi. Mukayamba pa "do" n'kumakwera ndi "so" wokhazikika uja ka 12, mumayenera kufikanso pa "do", koma mumamupitirira ndi pafupifupi kota ya mpata wa pakati pa "mi" ndi "fa". Masamu ake satsekeka. Ndiye anagwirizana zogawa kampata kotsalako mofanana pa makiyi onse 12, kuti aliyense alakwike pang'ono koma pasakhale wolakwika kwambiri. Zhu Zaiyu wa ku China anawerengera kagawidwe kameneka mu 1584. N'chifukwa chake mnyamata wanu wa kiyibodi amatha kutsitsa nyimbo kuchoka pa G kupita pa F amayi akatopa, nyimbo osasokonekera.

Loweruka likubwerali mukayese. Ikani kiyibodi pa mawu a limba, dinani A ndi C# ("do" ndi "mi" wanu) pamodzi, musasiye. Tcherani khutu, mumva kakugwedezeka kothamanga mkati mwake. Kenako zimitsani, anthu awiri ayimbe "do" ndi "mi" motalikitsa. Adzasunthirana okha mpaka kugwedezekako kuthe. Ine ndinazimva koyamba m'kalasi ina ku Chilomoni magetsi atazima, ndipo sindinaziyiwale.

Tisaganizenso kuti kiyibodi ndiyo mwini chilungamo. Valimba, chida cha matabwa oomba ndi timitengo cha ku Chigwa cha Shire, imagawa mawu ochokera pa "do" kufika pa "do" wina m'magawo 7 otalikirana pafupifupi mofanana, ndipo kwa oyimba ake ndi yochunidwa bwino lomwe.

Zimandipweteka ndikaona makwaya athu akuphunzira nyimbo yonse motsatira kiyibodi kuyambira tsiku loyamba, chifukwa khutu limasiya kufunafuna mnzake. Pophunzira, tengani liwu loyambira pa kiyibodi, kenako izimitseni. Lamulungu, wa kiyibodi mumupemphe kuti pa makodi (mawu angapo oyimbidwa pamodzi) otalika azigwira "do" ndi "so" basi, "mi" awasiyire a alto.