Outlook ikulandira koma siikutumiza: musanachotse Office yonse, onani izi kaye

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga mofatsa. Mwati Outlook ya pa laputopu yanu ikulandira makalata bwinobwino, koma mukalemba yanu imangokhala mu Outbox osapita, ndipo wina wakulangizani kuti muchotse Office yonse n'kuikanso. Chonde dikirani kaye, musanachite zimenezo. Ndakonzapo makompyuta ambiri a vuto ngati lanuli, ndipo kuchotsa Office ndiko ndimafikirako pomaliza zina zonse zikakanika. Ndikuuzani chifukwa chake.

Mukachotsa Office, zinthu zimene munalemba poika akaunti yanu sizichoka. Dzina la seva, manambala a poti (port, khomo lolowera pa seva) ndi zina zotero zimasungidwa mu chinthu chotchedwa profile, ndipo profile imatsala mu Windows ngakhale pulogalamu yachotsedwa. Ndiye mumataya madzulo onse, bandulo n'kuthera pa kudawuniloda, mukatsegula Outlook yatsopanoyo imangonyamula profile yakale ija pamodzi ndi vuto lake. Ndinaziona ndi maso anga pa ofesi ina: anaika Office katatu konse, makalata osatuluka ndithu, pomwe cholakwika chinali kabokosi kamodzi kosachongedwa.

Zoti mukulandira ndiye zikutithandiza kale. Imelo ili ndi makomo awiri osiyana. Makalata obwera amadzera pa IMAP kapena POP, pomwe otuluka amadzera pa SMTP. Khomo lililonse lili ndi seva yake, poti yake, ndiponso pamafunika kudzidziwitsa payokha. Ngati kulandira kukuyenda, ndiye kuti intaneti ilipo ndipo pulogalamu ikugwira ntchito. Vuto lili ku khomo lotulukira.

Choyamba, chitani kayeso kosavuta aka. Tsegulani Chrome kapena Edge, lowani mu imelo yanu pa webusaiti ya kampani imene inakupatsani adilesiyo, kaya ndi Gmail, Outlook.com kapena ya kuntchito, ndipo mudzitumizire nokha kakalata. Kakakana kupita kumeneko, laputopu ilibe mlandu. Mwina bokosi lanu ladzaza, mwina akaunti yaimitsidwa kaye chifukwa anaiona ikutumiza zambiri, poti Gmail yaulere imalola makalata 500 patsiku, kapena wina anakuberani pasiwedi n'kumatumiza zachinyengo m'dzina lanu. Zikatero Office muisiye, mukonze akauntiyo. Koma kakapita bwino, bwererani ku Outlook.

Yang'anani pansi penipeni pa windo, kudzanja lamanja. Pakalembedwa Working Offline, pitani pa Send / Receive ndipo dinani batani la Work Offline kuti lizime. Batani limeneli anthu amalidina mosadziwa kawirikawiri. Kwa inu mwina si limenelo poti mukulandira, koma kuyang'ana sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Tsopano Outbox ija. Tsegulani muone kalata yakale kwambiri pa zimene zatsakamirazo. Nthawi zambiri ndi imodzi yokha yolemera, ya zithunzi kapena vidiyo, imene yatseka njira, zinzake n'kumangodikira pambuyo. Gmail salola zomata zopitirira 25 MB, ndipo Outlook payokha imakana zopitirira 20 MB pa maakaunti a IMAP ndi POP. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti fayilo imafufuma potumizidwa. Imelo imasandutsa fayilo kukhala zilembo, ndipo kukula kwake kumawonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, choncho fayilo ya 19 MB imafika cha m'ma 25 MB panjira. Mukafuna kuifufuta kalatayo, Outlook imatha kukana n'kunena kuti yayamba kale kutumiza. Pamenepo mpamene Work Offline imathandiza: iyatseni dala, tsekani Outlook, tsegulaninso, kokerani kalatayo ku Drafts, kenako muzimitse Work Offline. Zotsalazo zikatuluka, mwathana nazo. Fayilo yaikuluyo muiike pa OneDrive kapena Google Drive, mungotumiza linki.

Ngati mu Outbox muli timakalata topepuka tokhatokha, dinani F9 ndipo muwerenge uthenga wa vuto umene ukubwera. Simunautchule m'funso lanu, koma ndi wofunika kwambiri. Mukaona 0x80042109 kapena 0x800CCC0E, Outlook ikulephera kufikira seva. Apo tikayikire dzina la seva, poti, kapena china chimene chikutchinga panjira. Mukaona 530 kapena 535, kapena mawu onena za authentication, ndiye kuti seva yafikiridwa koma ikukana kukudziwani. Ikakhala 550 yokhala ndi mawu akuti relay, nthawi zambiri ndi nkhani yomweyo, mukufuna kutumiza musanadzidziwitse. Jambulani uthengawo muuike pano, koma mubise adilesi yanu.

Apa ndiye pamene ndikuganiza kuti pagona vuto lanu, ndiye ndichedwapo. Pitani pa File, Account Settings, musankhe akaunti yanu n'kutsegula makonzedwe a seva. Mu Outlook zakale mumadina More Settings. Pa Outgoing Server pali kabokosi kakuti My outgoing server requires authentication. Kayenera kukhala kochonga, ndipo pansi pake musankhe kugwiritsa ntchito dzina ndi pasiwedi zomwezo za makalata obwera. Ndi kabokosi kameneka kamene kanavutitsa a pa ofesi aja. Kenako pa Advanced onani poti ya SMTP. Ikhale 587 ndi njira yotetezera ya STARTTLS, kapena 465 ndi ya SSL/TLS. Musasakanize, chifukwa 465 yokhala ndi STARTTLS imakana, 587 yokhala ndi SSL imakananso. Mukapeza 25, isintheni. Poti 25 ndi yakale, ndipo makampani ambiri opereka intaneti anaitseka pofuna kuchepetsa makalata achabechabe otumizidwa ndi makompyuta ogwidwa ndi vairasi. N'chifukwa chake ena amadabwa kuti kuntchito imelo imatuluka koma akafika kunyumba imakana: laputopu ndi yomweyo, netiweki ndiyo yasintha. Mungayesenso zimenezi polumikiza laputopu ku intaneti ya pa foni yanu. Dzina la seva ya Gmail ndi smtp.gmail.com, ya Outlook.com ndi smtp-mail.outlook.com, ndipo ya Microsoft 365 ya kuntchito ndi smtp.office365.com. Ngati adilesi yanu ndi ya kampani yanu, funsani amene amayang'anira webusaiti yanu akupatseni dzina lenileni, musalote.

Nkhani ya pasiwedi nayo yasintha zaka zapitazi, ndipo yasokoneza anthu ambiri amene sanalakwitse kalikonse. Mu May 2022 Google inasiya kulola mapulogalamu kulowa mu Gmail yaulere ndi pasiwedi wamba yokha. Microsoft inachita chimodzimodzi ndi Outlook.com, Hotmail ndi Live mu September 2024. Outlook zatsopano zimakutsegulirani kawindo ka Google kapena Microsoft kuti mulowere mmenemo. Zakale ngati 2010 ndi 2013 sizidziwa njira imeneyi. Pa Gmail njira ilipo: yatsani 2-Step Verification mu akaunti yanu ya Google, pangani app password ya zilembo 16, ndipo muilembe mu Outlook m'malo mwa pasiwedi yanu ya masiku onse. Komanso ngati munasintha pasiwedi posachedwa, Windows imatha kukakamira yakale. Tsegulani Credential Manager mu Control Panel, pa Windows Credentials muchotse zimene zili ndi dzina la Outlook kapena MicrosoftOffice, kuti ikufunseni mwatsopano.

Pali tinthu tiwiri tating'ono toti ndisaiwale. Onani tsiku ndi nthawi pa laputopu. Zikasokonekera kwambiri, kompyuta imaona ngati satifiketi ya seva inatha ntchito ndipo imakana kulumikizana. Chinanso ndi antivairasi. Zina zimayima pakati pa Outlook ndi seva n'kumafufuza kalata iliyonse yotuluka, ndipo zikangosinthidwa zimatha kutseka njira. Zimitsani kaye gawo lofufuza imelo lokhalo, yesani kutumiza, kenako muyatsenso. VPN nayo muizimitse poyesapo.

Zikakanikabe, tiyeni tione pulogalamuyo. Tsekani Outlook, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani outlook.exe /safe. Ikatsegula motero imasiya kunja timapulogalamu toonjezera totchedwa add-ins. Kalata ikapita, ndiye kuti mmodzi mwa iwo ndiye akusokoneza. Pitani pa File, Options, Add-ins, COM Add-ins, muzimitse onse, kenako muziyatsa mmodzimmodzi mpaka mumupeze.

Pambuyo pa zimenezo pangani profile yatsopano. Ichi ndiye chimene anthu amaganiza kuti akuchita akamachotsa Office, pomwe chimatheka m'mphindi khumi. Mu Control Panel tsegulani Mail, dinani Show Profiles, Add, ipatseni dzina lililonse, ikani akaunti yanu mwatsopano. Musankhe kuti izikufunsani profile yoti mugwiritse ntchito. Yakale musaifufute msanga. Isiyeni mpaka mutatsimikiza kuti makalata anu onse, manambala a anthu ndi kalendala zilipo mu yatsopanoyo.

Apa ndikupemphani mumvetsere bwino, chifukwa mpamene anthu amalira. Dziwani kaye ngati akaunti yanu ndi ya POP kapena IMAP, zalembedwa pa Account Settings pomwepo. Ngati ndi IMAP kapena Exchange (seva ya imelo ya Microsoft), makalata anu ali pa seva ndipo fayilo ya .ost ya pa laputopu ndi kope chabe, ngakhale kuti pa IMAP kalendala ndi mayina a anthu zimatha kukhala pa kompyuta pokha, m'mafoda olembedwa This computer only. Ngati ndi POP, n'kutheka kuti makalata a zaka zonse ali mu fayilo imodzi ya .pst pa laputopu yanuyo basi, kwina kulikonse kulibe. Kawirikawiri imakhala mu Documents, mu foda ya Outlook Files. Tsekani Outlook, koperani fayiloyo pa flash kapena pa hadi disiki yakunja musanakhudze china chilichonse. Mungathenso kudzera pa File, Open & Export, Import/Export n'kutulutsa zonse. Mayi wina anabwera kwa ine atataya makalata a bizinesi yake a zaka zambiri, chifukwa amene ankamukonzera anafufuta zonse pa kompyuta osafunsa za fayilo imeneyi. Zinandipweteka kwambiri, poti panalibe chimene ndikanachita. Sindikufuna zikuchitikireni. Fayilo ya .pst imathanso kuwonongeka, makamaka kompyuta ikazima mwadzidzidzi Outlook ili yotsegula, kapena ikayandikira malire ake a 50 GB. Kachipangizo kokonzera kamabwera ndi Office yomwe, dzina lake scanpst.exe, ndipo mu Office zatsopano kamapezeka mu Program Files, Microsoft Office, root, Office16.

Tsopano za Office yeniyeniyo. Musanaichotse, ikonzeni. Mu Control Panel pitani pa Programs and Features, sankhani Office, dinani Change. Quick Repair imathamanga ndipo sifuna intaneti. Ikalephera, Online Repair imadawuniloda mafayilo onse mwatsopano, moti ndi chimodzimodzi kuikanso. Imafuna intaneti yodalirika, laputopu ikhalenso pa chaja.

Ngati mwafikadi poti muchotse, mwina chifukwa Word ndi Excel nazonso zikuzima zokha, dzifunseni funso limodzi musanadine Uninstall: kodi ndili ndi choikiranso? Office ya Microsoft 365 ndi zambiri zogulidwa kamodzi kuyambira 2013 zimamangiriridwa ku akaunti ya Microsoft. Lowani pa account.microsoft.com, muone ngati Office yanu ikuoneka pansi pa zimene munagula. Ikaoneka, mudzaidawunilodanso pomwepo. Ikapanda kuoneka, funani kiyi yake ya zilembo 25, kapena funsani a IT ngati laputopu ndi ya kuntchito. Ambiri anagula laputopu Office ili kale mkati, ndipo sadziwa kuti inaikidwa ndi ndani. Woteroyo akachotsa amatsala manja lende, Word palibe, Excel palibe, imelo yosatumizabe. Ndipo ndikuchenjezeni ndi mtima wonse, musatenge Office yobedwa pa intaneti pamodzi ndi timapulogalamu toitsegulira tija. Mumakhala mukulowetsa nokha wakuba m'kompyuta mmene muli mapasiwedi anu onse.

Mukatsimikiza za laisensi, koperaninso masiginecha anu, amakhala mu %appdata%\Microsoft\Signatures. Chotsani Office, zimitsani laputopu n'kuyatsanso, kenako ikani. Muonetsetse kuti palibe Office ina yakale yotsalira, chifukwa ya 32-bit ndi ya 64-bit sizikhalira pamodzi ndipo kuika kumakana. Mukamaliza, pangani profile yatsopano monga ndafotokozera, apo ayi mubwerera pomwe munali. Mudziwenso kuti Microsoft inasiya kusamalira Office 2013 mu April 2023, ndipo 2016 ndi 2019 pa 14 October 2025. Zimagwirabe ntchito, koma sizilandiranso zotseka mipata ya chitetezo, ndiye ngati yanu ndi imodzi mwa zimenezi yambani kuganizira zosintha.

Zonse ndalembazi ndi za Outlook yakale ija imene Microsoft tsopano imaitcha classic. Ngati yanu ndi yatsopano, imene amaitcha new Outlook, zambiri mwa izi simuzipeza. Mmenemo mumangopita pa Settings, Accounts, kuchotsa akaunti n'kuiikanso.

Pakadali pano ntchito isaime, tumizani makalata ofulumira kudzera pa webusaiti. Mukabweranso pano mundiuze zinthu zinayi: Outlook yanu ndi ya chaka chiti, akaunti ndi ya Gmail, Outlook.com kapena ya kuntchito, nambala ya vuto imene ikutuluka mukadina F9, ndi poti imene mwaipeza pa SMTP. Pasiwedi musapatse aliyense, ngakhale ine, ngakhale wina akubwerereni ku inbox kuti akuthandizani.