Kodi Agiriki anangokopera kwa Aigupto?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti anaona chithunzi cha chiboliboli cha ku Girisi, phazi lamanzere lili patsogolo, manja atafumbata m'mbali, ndiye akufunsa kuti: "Kodi Agirikiwa sanangokopera kwa Aigupto, ziboliboli ndi akachisi omwe?"

Achimwene, maso anu sanakunamizeni. Ziboliboli za anyamata zotchedwa kouros, zosemedwa cha m'ma 600 BC, zimaima ndendende ngati za afarao. Agiriki ankachita malonda ku Naukratis, kumatsiriro a mtsinje wa Nile, ena n'kumalembedwa usilikali. Ku kachisi wa Abu Simbel ku Igupto, asilikali achigiriki a farao Psamtik II anazokota mayina awo pamwendo wa chiboliboli cha farao wakale Ramesses II. Zolembalemba pazipupazi sizinayambe lero ayi.

Mmisiri wa ku Igupto asanagwire chosemera, ankayamba walemba timabokosi pamwala, 18 kuchokera kuphazi kufika pamphumi poyambira tsitsi. Pofika nthawi ya Agirikiwa tinali titakwana 21, kulekezera pachikope chapamwamba cha diso. Mfumu ikhale yaitali kaya yaifupi, inkalowa m'timabokosi tomweto basi.

Apa ndi pamene Agiriki anasiyanirana ndi Aigupto. Cha m'ma 440 BC, Polykleitos, mmisiri wa ku Argos ku Girisi, anaumba ndi mkuwa mnyamata wonyamula mkondo, Doryphoros. Mmisiriyu ankayeza chiwalo ndi chinzake: chala ndi chikhatho, chikhatho ndi mkono, mutu n'kulowa kasanu n'kawiri mu msinkhu wonse. Thupi latsamira mwendo wamanja, wamanzere ukupuma, chiuno chapendekeka. Tayesani kuima choncho, monga umachitira ukatopa pamzere wa kuchigayo, mumva phewa lamanja likutsika lokha. Farao saima motero, msana wake ngomata kumwala. Chiboliboli chamkuwa cha Doryphoros chinatayika kalekale. Chomwe chili ku Naples ku Italy ndi chamwala chimene Aroma anakopera, chinafukulidwa ku Pompeii.

Za akachisi ndiye musavutike nazo kwambiri. Ku kachisi wa Karnak ku Igupto kuli holo ya nsanamira 134, ndipo 12 zapakati n'zotalika pafupifupi mamita 21. Zonse zili m'kati, zothithikana, kuwala kukungolowera pamawindo amwala kumwamba, ndipo ukamalowerera mdima umakula mpaka pamene ankafika ansembe ndi mfumu okha. Parthenon, kachisi wa Agiriki ku Athens, anaizunguliza nsanamira kunja, 8 kumaso, 17 m'mbali, anthu n'kumapereka nsembe pabwalo.

Mukandifunsa ine, Parthenon njokongola pachithunzi, koma ndalama yandege itapezeka ndingathamangire ku Karnak, ndikayese ngati anthu asanu tingaikupatire nsanamira imodzi.