Kodi wofuna kulemba buku aleke kuwerenga mabuku a anzake?

Kalata imene ndalandira ndi yaifupi. Mwini wake wayamba kulemba buku la nkhani yopeka, ndipo mnzake wina wamulangiza kuti aleke kaye kuwerenga mabuku a anthu ena mpaka atamaliza lakelo, kuopa kuti angatengere kalembedwe kawo. Akufunsa ngati langizoli lili loona, ndiponso kuti ngati si loona, awerenge mabuku ati.

Inu amene munandilembera, mundikhululukire ndikalankhula mwamphamvu, chifukwa langizo limeneli ndalimva kambirimbiri, ndipo kawirikawiri limachokera kwa anthu amene sanalembepo ngakhale mutu umodzi wa buku. Inenso ndili ndi buku limene ndakhala ndikulimbana nalo kwa nthawi yaitali, ndipo chimene chandisowetsa tulo si kutengera ena ayi, koma kusankha munthu woti afotokoze nkhaniyo. Ikafotokozedwa ndi munthu wodziwa zonse, wotha kulowa m'mutu mwa aliyense, imamveka ngati lipoti la msonkhano. Ikafotokozedwa ndi mwini nkhani, zinthu zimene iyeyo sanazione zimasowa polowera. Chimene chinanditsegula maso ndi buku limene ndawerenganso posachedwapa, lolembedwa ndi Mariama Bâ wa ku Senegal, limene linatuluka m'Chifalansa mu 1979 ndipo m'Chingerezi limatchedwa So Long a Letter.

Buku lonselo ndi kalata imodzi. Ramatoulaye, mwamuna wake Modou atamwalira, akulembera Aissatou, mnzake wa paubwana, pa nthawi imene ali m'nyumba kulira maliro. Poliwerenga koyamba, mtima umangopsera Modou, amene anakwatira Binetou, mnzake wa mwana wake wamkazi, n'kusiya mkazi amene anabereka naye ana 12. Poliwerenga kachiwiri ndi pamene munthu amaona luso limene labisika. Popeza Ramatoulaye akulembera munthu amene anakula naye, safotokoza zakale ngati akuphunzitsa mlendo, koma amangomukumbutsa, ndipo ife owerenga timamva zonse ngati anthu amene akumvetsera ali kuseri kwa chitseko. Ngakhale nkhani ya Aissatou mwini wake, mmene anachokera pa banja mwamuna wake Mawdo atatenga mkazi wachiwiri, timaimva Ramatoulaye akumubwerezera mwini wakeyo. Apa ndinaona kuti funso loti akufotokoza ndani lili ndi linzake, loti akufotokozera ndani, ndipo funso lachiwirili ndi limene linasuntha buku langa pamene linaima.

Choncho ndikunena mosabisa kuti langizo la mnzanuyo ndi lolakwika, ndiponso ndi loopsa. Munthu wosawerenga amatengerabe, kungoti amatengera zimene zili pafupi naye: mafilimu, maulaliki ndi zimangirizo zimene ankalemba kusukulu. N'chifukwa chake nkhani zambiri za alembi ongoyamba zimayamba ndi kutuluka kwa dzuwa, zimakhala ndi munthu mmodzi wabwino kotheratu ndi wina woipa kotheratu, kenako zimatha ndi chilango komanso phunziro. Mwini wake amakhulupirira kuti kalembedweko ndi kakekake chifukwa sanawerenge buku lililonse, chonsecho ndi kamene aliyense ali nako. Amene wawerenga alembi ambiri osiyanasiyana ndi amene amatha kusankha, chifukwa waona kuti njira zofotokozera nkhani zilipo zambiri.

Ndipo si buku langwiro lokha limene limaphunzitsa. Miyezi yapitayi ndinabwereranso ku Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara la mu 1933, limene T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 n'kulitcha Man of Africa. Ambiri amalitchula mwaulemu waukulu ngati limodzi mwa mabuku oyambirira a nkhani m'chinenero chathu, ndipo ulemuwo ndi woyenera, koma sindigwirizana ndi amene safuna kuti tilipeze chifukwa. Pamene Nthondo ali mwana wopulupudza ndiponso mnyamata wosamva, bukulo limakhala ndi moyo, ndipo Chichewa chake chimayenda mosakakamiza. Pamene akuyandikira kutembenuka mtima, wowerenga amayamba kumva kuti mlembi, amene anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, akudziwa kale kumene akufuna kumufikitsa, ndipo Nthondo amasiya kutidabwitsa. Kwa ine chimenechi ndi chinthu chimene wolemba aliyense ayenera kuchiona ndi maso ake, kuti adziwe mmene munthu wa m'nkhani amazilalira mlembi akayamba kumukoka ndi chingwe. Amene waleka kuwerenga adzachita zomwezo m'buku lake popanda womuchenjeza.

Ndiye muwerenge chiyani?

Kuwonjezera pa awiri ndatchulawo, pezani Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, la mu 1988, ndipo muyang'anitsitse chiganizo chake choyamba, mmene Tambu, mtsikana amene akufotokoza nkhaniyo, akuvomera kuti imfa ya mchimwene wake Nhamo sinamumvetse chisoni. Mlembi wayamba ndi chinthu chimene mtsikana wolemekezeka sayenera kunena, ndipo masamba otsatira amatikakamiza kumvetsa chifukwa chake, chimene ndi mwayi wa sukulu umene unaperekedwa kwa mnyamata. Ngati Things Fall Apart la Chinua Achebe, la mu 1958, munaliwerenga pokonzekera mayeso, ndiye kuti simunaliwerengebe. Bwererani ku ndime yomaliza, pamene moyo wonse wa Okonkwo, umene taulondola kuyambira pa tsamba loyamba, ukuyezedwa ndi bwanamkubwa wachizungu amene akuganiza kuti ungakwane m'ndime imodzi ya buku lake. Achebe sanawonjezerepo mawu odzudzula, ndipo kudziletsa kumeneku ndi kumene ambiri a ife kumatikanika.

Musathamangire kumaliza mabuku ambiri. Sankhani awiri osiyana kwambiri kalembedwe, muwerenge lililonse kawiri, ndipo ulendo wachiwiri mukhale ndi pensulo m'manja. Muzilemba m'mphepete pamene mutu uliwonse wayambira ndi pamene wathera, amene akulankhula, amene akuuzidwa, ndiponso chimene mlembi wabisa dala mpaka nthawi yake itakwana. Ngati mukuopabe kuti mawu a mlembi mmodzi angalowerere m'ziganizo zanu, muziwerenga mabuku awiriwo mosinthanasinthana, ndipo muzilemba zanu m'mawa musanatsegule buku la wina aliyense.