Kuchigwa kulibe nyanja yamchere, koma majumbo atikwana

Aphunzitsi ena a ku Tengani, kuchigwa cha Shire, amene amayang'anira kalabu ya zachilengedwe pasukulu yawo, anditumizira imelo. Akuti anamva kuti pazilumba za kunja achinyamata akuphunzitsidwa kuwerenga mapulasitiki amene mafunde amalavulira pagombe. Ndiye akufunsa: kuno kopanda nyanja, zoterezi si kungotayitsa ana nthawi?

Aphunzitsi, funso lanuli landikumbutsa mbuzi ya mayi anga.

Tinkakhala ku Ngabu. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti nthaka imakuwotcha ngakhale wavala patapata. Msipu unali utatheratu, ndiye mbuzi zinkangoswera kumsika, kunyambita majumbo a mandasi ndi a tchipisi chifukwa cha kamchere ndi mafuta. Mbuzi yaikazi ya mayi inayamba kuonda, nthiti kuwerengeka, mimba yokha ili tuu. Tinaimwetsa mankhwala a njoka zam'mimba koma sizinathandize. Bambo anati tiiphe isanafe yokha. Atang'amba chifu, munatuluka chimtolo cha majumbo opotanapotana, chakuda, chonunkha, choti mpeni unkakana kudula. Mayi anangokhala pamkeka, dzanja lili patsaya. Mbuziyo ankaisungira fizi ya mlongo wanga.

Nkhaniyi si ya banja lathu lokha. Gloria Majiga-Kamoto, amene analandira mphoto ya zachilengedwe ya Goldman mu 2021, anayamba kulimbana ndi mapulasitiki ataona alimi akutaya mbuzi mwanjira yomweyi. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60 pa muyezo wa kukhuthala kwake, mu 2015. Makampani anathamangira kukhoti kukatenga chiletso, ndipo mu Julaye 2019 khoti la Supreme linagamula kuti lamulolo ligwire ntchito. Koma pitani pa Nchalo kapena pa Bangula lero mukagule tomato, muona chimene akuikireni. Jumbo yomwe ija yabuluu, yoti ukaiyang'anitsa padzuwa umaona zala zako.

Ndinene mosabisa, ine za masiku osesa zinanditopetsa. Mu Novembala 2020 dziko linakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Kusesa n'kwabwino, sindikukana. Koma ndaonapo bungwe lina litafika ndi galimoto zoyera, kugawa matisheti, ana kutola zinyalala kwa kanthawi, chithunzi kujambulidwa, akuluakulu n'kusayinira alawansi. Kenaka muluwo anauyatsa moto pompo, utsi wonse n'kulowa m'kalasi ya sitandade 1. Palibe amene anafunsa kuti zinyalalazo zinali zamtundu wanji, zachokera kuti, kapena ngati zikuchuluka kuposa chaka chatha. Ndipo ana athu aphunzirapo chinthu choipa, choti ntchito ya mudzi siigwirika popanda envelopu.

Chimene anzathu a pazilumba amaphunzira n'china. Amayeza gombe, kawirikawiri mamita 100, n'kumabwerera pamalo omwewo nthawi ndi nthawi. Chilichonse chimene atola amachiika m'gulu lake n'kulemba. Phindu lake likuoneka pa chilumba cha Henderson ku Pacific, kumene sikukhala munthu n'komwe. Mu 2017 ofufuza anawerengera kuti pali zidutswa za zinyalala pafupifupi 38 miliyoni. Panalibe wokhalapo woti amuloze chala, ndiye zinaonekeratu kuti zonsezo zinachita kubwera ndi madzi.

Ife ndiye a Henderson a dziko lino. Madzi a Mudi, amene amadutsa pakati pa Blantyre, amathera mu Shire. Ruo amatsira pa Chiromo zonse zimene watola kumtunda. Zina zimakodwa m'mabango ndi mu namasupuni ku Elephant Marsh, dambo limene linalowa m'gulu la Ramsar, la madambo ofunika padziko lonse, mu 2017, mmene asodzi athu amapezamo ndiwo. Zotsala zimadutsa pa Marka, kulowa mu Zambezi, mpaka kunyanja ya Indian. Botolo limene mwana wa pachilumba akulilemba m'kope mwina linadutsa padooko lanu pa Tengani. Nanga za zilumba tingachite kuuzidwa? Afunseni a ku Makhanga mmene zimakhalira madzi akawazungulira. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, majumbo ankalendewera m'mitengo, kusonyeza pamene madzi anafika.

Chimandiwawa n'chakuti anthu akumtunda sachedwa kutinena. Akuti a kuchigwa sitimva, timakana kusamuka, timadikira zaulere. Koma matewera a ana awo ndi mabotolo awo akamatsetsereka usiku kudzatsamira m'madimba mwathu, palibe amene amatchula. Ukadandaula kumsonkhano amati umboni uli kuti. Umboniwo ndi kope la ana anu, aphunzitsi.

Muyambe bwanji

Kapempheni kaye kwa amfumu. Sankhani pamchenga pamodzi, muyeze mamita 100 ndi chingwe, mukhome zikhomo. Muzipita kamodzi pamwezi, komanso madzi akangophwera. M'kope mugawe mizere: majumbo, mabotolo, zitsekerero, matewera, zidutswa za maneti, zina. Botolo likakhala ndi dzina, lembani dzinalo. Teremu ikatha, kaperekeni zotsatira kwa mkulu woona zachilengedwe kukhonsolo ya Nsanje, koma kope lenilenilo lisachoke pasukulu.

Za manetizo, konzekani, chifukwa mudzapeza kuti ambiri ndi a udzudzu, ndipo ena mwa ana amene akulembawo adzawazindikira kuti ndi a kwawo. Musawakakamize kutchula mayina, mungayambanitse anthu pachibale.

Komanso Shire si gombe la alendo. Mwana asaponde m'madzi, asayandikire mabango, ndipo musapite mbandakucha kapena dzuwa likamalowa, chifukwa ng'ona ndi mvuu sizidziwa kuti mwabwera ndi kalabu. Matewera ndi majakisoni azitola ndi ndodo. Ndipo wina akadzabwera ndi matisheti, landirani, koma mumufunse kaye ngati akufuna kuona kope.