Tikiti ya pamsika ija imathera kuti?

Mayi wina wogulitsa usipa kuno ku Mangochi wanditumizira imelo kudzera pafoni ya mwana wake. Akuti tsiku lililonse amadula tikiti ya khonsolo, koma chimbudzi cha pamsika chidadzaza kalekale. Kodi apitirize kulipira?

Mayi, mwandigunda pachilonda. Amayi anga ankagulitsa mandasi pamsika wina m'mbali mwa nyanja, ine ndinali wonyamula beseni. Wodula matikiti ankafika dzuwa lisanakwere, kabuku m'manja, ndipo tsiku lina anawalanda beseni lonse poti anali asanagulitse ngakhale limodzi. Ndinalira njira yonse. Bambo ameneyo ndinamuda mpaka nditamera ndevu. Chaka china ndinakumana naye padepoti, atakalamba, nsapato zitang'ambika, ndipo pocheza anandiuza kuti nthawi imeneyo ankatha miyezi osaona malipiro. Malipiro akewo ankachokera m'matikiti omwewo. Beseni la amayi linali chakudya cha ana ake.

Kuyambira tsiku limenelo mkwiyo wanga udasamukira kwina.

Mu 1998 boma lidabweretsa lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko ija timaitcha mphamvu ku anthu. Pepalalo lidalonjeza kuti pa K100 iliyonse imene dziko latolera, K5 izipita kumakhonsolo. Makhansala oyamba tidawasankha mu 2000, nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo mipando idakhala yopanda anthu mpaka 2014. Zaka zonsezo ndani ankafunsa za ndalama zathu? Ine ndimati adatipatsa mbuzi, chingwe adatsala nacho ku Lilongwe. Ndalama zambiri za khonsolo zimachokera kulikulu, ndipo zimabwera zitamangidwa kale: izi n'za zipatala, izi n'za sukulu, izi n'za ulimi. Za chimbudzi chanu palibepo. Zikachedwa, bwanamkubwa angochita kudikira ngati mlimi woyang'ana mitambo.

Ndiye onjezani kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 idatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Bajeti imene idawerengedwa kuti imanga zipinda ziwiri za sukulu idathera pamaziko, simenti itakwera. Pomwe anthu sakuchepa ayi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma lino, kuchokera ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay ndi Namwera uko, ndipo ana amene anabadwa chaka chimenecho ali kale m'kalasi, ambiri pansi pa mtengo.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti Mangochi si boma losauka. Alendo amadzaza ku Cape Maclear, chambo chimakwera magalimoto kupita ku Blantyre, koma VAT ya pamalo ogona alendo imapita ku bungwe lotolera misonkho la MRA, ife n'kutsala ndi timakobiri ta pamsika ndi ziphaso za magolosale. Za CDF, thumba lija la chitukuko cha m'madera a aphungu, ndisayambe n'komwe. Chiyambire thumbali mu 2006 aliyense amafuna kudula riboni pa nyumba yatsopano, wokonza denga likadontha sapezeka. Mjigo wakufa sujambulitsa munthu chithunzi. Kwathu ulipo wina umene mbuzi zidausandutsa pokandira msana, ndipo pafupi pomwepo akukumba watsopano.

Ndipo musandimve ngati ndikuikira kumbuyo makhonsolo. Tikiti ikadulidwa popanda risiti, ndalamayo yalowa m'thumba la munthu, basi.

Tsono muchite chiyani?

Lipirani, mayi, apo ayi akulandani nsomba. Koma osapereka ndalama popanda tikiti yeniyeni ya nambala, ndipo muzisunga. Gwirizanani ndi komiti ya pamsika mukafunse khansala wanu kuti msikawo umatolera zingati pamwezi, nanga zimene zimabwerera pomwepo ndi zingati. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho lembani kalata, mwana wanu uja akuthandizeni. Mupite muli ambiri, ndi matikiti anu onse m'jumbo.