Kochi woimba foni tsiku ndi tsiku si ndiye adzaumbe mwana wanu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wa kwathu amene amakhala ku Indiana. Mnyamata wawo wa zaka 17 amasewera mpira wa ku America uja wa zipewa zolimba, pa offensive line (mzere wa osewera akuluakulu otchinga adani), ndipo makoleji awiri amulonjeza sikolashipu. Kochi wa malo akewo ku koleji yoyamba amaimba foni pafupifupi tsiku lililonse. Anafika mpaka kunyumba, anadya nsima ndi manja, n'kuyamikira ndiwo. Wa ku koleji yachiwiri anangobweza kanema wa masewero a mwanayo atalembapo zolakwa 6 za kaimikidwe ka mapazi. "Bambo ake agamula kale kuti apite koyambako poti timuyo imaoneka pa TV," akutero mayiwa. "Ine mtima sukukhala pansi. Tisankhe bwanji?"

Mayi, mtima wanuwo ukunena zoona, ndipo kalata zonga yanuyi ndaziwerenga zambiri. Kochi wa malo amodzi ali ndi ntchito ziwiri: kukopa ana kuti abwere, ndi kuwaphunzitsa akabwera. Zimene mwaona pakhomo panu ndi ntchito yoyambayo. Kumeneko n'kufunsira mbeta, ndipo wofunsira sabwera ndi nkhope yokwinya. Mwana wanu akasaina, foniyo iyamba kulira kunyumba ya mnyamata wina wa chaka chamawa, mwinanso wosewera malo omwewo. Chimene chidzatsale ndi chipinda cha misonkhano, kanema wobwerezedwa kambirimbiri, ndi munthu amene adzaime pambali pake m'mawa kukuzizira kumuuza poika dzanja ndi poponda phazi. Ameneyo ndiye mukumupatsa mwana wanu kwa zaka 4 kapena 5.

Poyeza kochi musawerenge nyenyezi za ana amene anawakopa. Nyenyezi zimene masamba a pa intaneti monga 247Sports kapena Rivals amapatsa osewera a kusekondale, zofika mpaka 5, zimangonena mmene mwana analili pofika. Kochi akakuonetsani chithunzi cha mnyamata amene anabwera ndi nyenyezi 5 n'kupita ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri a mpirawu, sanakuuzeni kanthu, chifukwa ameneyo akanafikako ngakhale akanadzera kwina. Mufunseni za a nyenyezi 3 amene anawalandira zaka 4 zapitazo. Ndi angati akuyamba masewero lero? Angati anathawira mu transfer portal, kaundula wa ofuna kusamukira ku koleji ina? Angati ali ndi digiri m'manja? Mayina a osewera a chaka chilichonse ali pa intaneti, khalani pansi usiku umodzi ndi cholembera muwalondole mmodzimmodzi. Kenako pemphani kulankhula ndi kholo la mwana amene sankalowa m'bwalo, osati la katswiri wawo.

Nyenyezi zimanama ndithu. J.J. Watt anachoka ku sekondale ndi nyenyezi 2 zokha. Anayambira ku koleji ya Central Michigan ngati tight end, wotchinga ndi kuwakha mpira, n'kusamukira ku koleji ya Wisconsin wopanda sikolashipu, kumene anamusandutsa defensive end, woteteza. Mu 2011 timu ya NFL ya Houston Texans inamutenga pa nambala 11 pa chisankho cha osewera ochokera m'makoleji. Ndipo pa malo a mwana wanuwa chitsanzo chili m'boma lanu lomwelo, ku South Bend. Harry Hiestand anaphunzitsa offensive line ya koleji ya Notre Dame kuyambira 2012 mpaka 2017, ndipo m'manja mwake munadutsa Zack Martin, Ronnie Stanley, Quenton Nelson ndi Mike McGlinchey, onse otengedwa ndi matimu a NFL mu raundi yoyamba ya chisankhocho. Inde, anyamata amenewa anabwera ndi luso, koma anthu 4 pa malo amodzi, chaka chino wina chaka china wina, si mwayi umenewo. Pa offensive line mwana wa zaka 18 amafika ndi thupi chabe. Zotsalazo amachita kuphunzitsidwa.

Koma Hiestand yemweyo ananyamuka mu 2018 kupita ku timu ya NFL ya Chicago Bears. Makochi a malo amasuntha kawirikawiri, wabwino amakwezedwa, wolephera amachotsedwa. Choncho mufunse mwanayo mosabisa: kochi ameneyu atachoka chaka chamawa, pa sukuluyi ungakhalebe? Ukaphunzira chiyani?

Tsopano kwa inu bambo. Zandinyansa kuti mwagamula nkhani ya moyo wa mwana chifukwa cha TV ndi mbale ya nsima imene mlendo anamaliza. Mukufuna kuti anzanu a kutchalitchi amuone Loweruka, koma kamera sionetsa amene wakhala pa benchi. Timu imaloledwa kukhala ndi osewera okwana 105, olowa m'bwalo nthawi imodzi ndi 11 basi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati kochiyo watchulanso za ndalama za NIL, zimene wosewera amapeza pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chake ndipo zinaloledwa mu 2021, auzeni alembe papepala kuchuluka kwake, nthawi yake, ndi chimene chidzachitike mwana akavulala bondo.

Za NFL ndikuuzeni osazungulira. Anyamata osewera mpirawu ku sekondale za ku America ndi pafupifupi 1 miliyoni. NFL imasankha osewera pafupifupi 250 pa chaka, ndipo mwa osewera a m'makoleji oyenera kusankhidwa, otengedwa safika 2 pa 100 alionse. Mwana wanu mwachidziwikire adzadya za digiri yake. Ndiye ngati wayamba kuzemba homuweki poti makochi akumuimbira, mumukumbutse kuti NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, imafuna maphunziro ofunika 16 ndi GPA (avareji ya magiredi) yosachepera 2.3 kuti asewere mu Division I, gawo lapamwamba kwambiri, chaka choyamba.

Sindinena kuti kochi wachiwiriyo ndi wabwino chabe chifukwa sadziwa kunyengerera. Naye mumuyeze ndi mafunso omwewa. Komabe munthu amene wakhala pansi n'kupeza zolakwa 6 pa mapazi a mwana amene sanasaine n'komwe wayamba kale kumuphunzitsa. Mnyamatayo akonze zolakwazo, ajambule kanema wina, atumize kwa makochi onse awiri tsiku limodzi, ndipo muwerenge zimene aliyense adzayankhe.